Thanthwe la m'Chitsime cha Nangondo

Panali munthu wina dzina lake Kadzuwa, mwamuna wolimbika koma wosauka malo. Kwawo kunali kumtunda kwa miyala, kumene ngakhale mbuzi zimayenda mosankha poponda. Madzi ankakatunga kumtsinje, m'munsi mwa chigwembe. Potsika munthu ankatsika chokhala, pokwera ankagwira maudzu.

Kadzuwa anakwatira Nangondo, mwana wa mayi woumba mbiya wa kudambo. Atakhala chaka pa chikamwini, anapempha chitengwa kuti apite naye kwawo. Malume a mkaziyo anavomera monyinyirika. Anati, "Mutengeni. Koma mudziwe kuti takubwerekani, sitinakupatseni."

Chilimwe chachiwiri, Nangondo ali ndi pakati, anaterereka m'chigwembe muja ndowa ili pamutu. Mwana m'mimba anapulumuka, koma bondo la mayiyo linatupa kwambiri. Nkhani inafika kudambo, ndipo malume aja anabwera osatumiza ndi uthenga womwe. Sanakalipe. Anthu oopsa sakalipa.

"Akamwini," anatero, "mwana wathuyu sitinamulerere chigwembe. Mwezi uno ukafa, wina ukaoneka, ndibweranso. Ndikadzapeza pakhomo pano palibe madzi, ndidzanyamuka naye."

Kadzuwa ankamukonda mkazi wake, ndipo mkaziyo sankafuna kuchoka. Koma mawu a malume saponyedwa kudzala. Tsono mwamunayo anasankha malo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mkuyu umene sunkayoyola masamba, nayamba kukumba chitsime. Sabata yoyamba zinayenda bwino. Dothi lofiira linatha, kunabwera loyera. Dzenje litamupitirira mutu, piki inalira gwaa. Anafukula uku, anafukula uko. Linali thanthwe lakuda, lodzaza dzenje lonse.

Anabwereka nyundo yaikulu. Anamenya tsiku lonse, mawa lake chimodzimodzi, mpaka masabata awiri. Mpini unathyoka katatu. Manja anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, ena anamera pomwepo. Thanthwe linangothothoka timapalepale tosadzaza ndi chipewa chomwe. Anzake odutsa ankasuzumira m'dzenjemo nkumati, "Achimwene, mukusula chiyani kumeneko?" Musaseke, inunso mukanatero.

Tsiku lina Kadzuwa anatuluka m'dzenje, nakhala pansi, nyundo ili pambali. Panatsala masiku atatu kuti mwezi uoneke. Anauza mkazi wake kuti walephera, ndipo polankhula sanamuyang'ane.

Nangondo anatsimphina ndi ndodo mpaka pamlomo pa dzenje. Anayang'ana thanthwelo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Bambo, kwathu amayi akamawotcha mbiya, ankatithamangitsa tonse amene tinali ndi madzi m'manja. Mbiya yotentha ikadontheredwa madzi ozizira imasweka pomwepo. Ndinakwapulidwapo chifukwa cha zimenezi. Mwalawu tiuwotche ngati mbiya, koma ifeyo tichite dala chimene amayi ankaletsa."

Mwamunayo sanatsutse. Apa mpamene ndimamulemekezera. Amuna ambiri akamenya chinthu masabata awiri safuna kumva kuti chingagonje ndi nzeru ya kumbiya.

Anagwetsera m'dzenje zitsa za tsanya, zitsononkho za chimanga ndi ndowe zouma, nayatsa. Moto wa m'dzenje ndi wovuta, umafuna mphepo. Nangondo anakhala pamphepete ndi lichero, nkumakupiza, maso ali ofiira ndi utsi. Moto ukatsika ankaitana nkhuni zina. Ntchito ya madzi inagwera Kadzuwa. Anasenza ndowa pamutu, mwamuna wamkulu wandevu zake, kutsika ndi kukwera chigwembe kasanu pa tsiku. Amayi kumtsinje anamuseka mpaka kugwira nthiti. Iye ankangowapatsa moni. Anadzaza mitsuko iwiri ikuluikulu ndi ndowa zitatu, naziika pamthunzi wa mkuyu, nazifunditsa masamba kuti zizizire. Iwo eni ankamwa pang'ono, kongonyowetsa kukhosi.

Tsiku lachiwiri la moto mtima wa Kadzuwa unathamanga. Anati athire basi. Nangondo anakankha makala ndi mtengo wautali, naviika zala m'chikho, nawaza pamwalapo. Madontho analira tsii, nkukhalapo kanthawi asanaume.

"Sunapse," anatero. "Tikathira lero tingousambitsa. Ndipo mwayi wachiwiri tilibe."

Anawonjezera nkhuni. Tsiku lachitatu linapita momwemo, mwezi nkuoneka madzulo ake, kakang'ono ngati chikhadabo.

M'mawa mwake, dzuwa litangokwera pang'ono, malume anatulukira. Anali atayenda kuyambira mbandakucha, fumbi lili mbuu mpaka m'mawondo. Anakhala pampando, nayang'ana utsi kuseri kwa nyumba, nayang'ananso mphwake wakuda ndi mwaye. Atalonjerana anati, "Nangondo, tandipatsa madzi ndimwe."

Inu mukudziwa. Mlendo samanidwa madzi, nanji malume, mwini mbumba. Ndipo madzi analipo, mitsuko iwiri ndi ndowa zitatu, pamaso pawo pomwepo.

Nangondo anapita kudzenje, nakankha makala, nawazanso timadzi. Ulendo uno madontho sanakhale nkomwe. Anadumpha nkuzimirira. Mwala unali utapsa, ndipo moto unali utayamba kutsika, nkhuni zitatha. Anabwerera, nagwada movutikira ndi bondo lake lija.

"Malume, pepani. Awa ndi a m'chigwembe. Inu munati mukufuna madzi a pakhomo pano. Dikirani, mumwa amenewo."

Nkhope ya malume inasintha, koma Nangondo anali atatembenuka kale. Iye ndi mwamuna wake anakokera zotengera zonse pamlomo pa dzenje. Anati zithiridwe nthawi imodzi, osati modontheza. Anapendeketsa mtsuko woyamba, wachiwiri, ndowa zonse zitatu motsatizana. Otsalira m'chikho aja anathiranso. Pakhomo sipanatsale ndi dontho limodzi.

Nthunzi inakwera yoyera, yotentha, onse anabwerera m'mbuyo. Kenaka kunangoti zii. Kadzuwa anagwira m'mutu. Madzi a masiku atatu anali atapita, ndipo anaona kuti mkazi wapita nawo.

Pamenepo pansi panalira ngati mfuti. Nkhuku zinabalalika, mbale zinagwedezeka pathandala, anthu a tsidya lina anatuluka m'nyumba. Utsi utatha, anasuzumira. Thanthwe linali litang'aluka pakati, kuchoka uku kufika uko, ndipo ming'alu ina inatuluka pa malo omwe aja nyundo inkamenya.

Kadzuwa sanatsike msanga. Nangondo anakaniza mpaka mwala utazizira ndi mpweya woipa utatuluka. Masana onse malume anakhala pampando paja, ludzu lili pakhosi, koma osanyamuka. Dzuwa litapendeka, Kadzuwa anatsika ndi mgwala, nalowetsa m'mng'alu, natembenuza chibenthu choyamba. Pansi pake panali mchenga wakuda, wozizira. Anafukula ndi manja. Madzi anayamba kusonkhana pang'onopang'ono m'kadzenje kamene anapanga.

Nangondo anatenga chikho choyamba, nagwada, napereka ndi manja awiri. Malume anayang'ana m'chikhomo. Anamwa onse.

"Ali ndi matope," anatero. Kenaka anatambasula dzanja. "Onjezako."

Mawa lake anabwerera kudambo okha.

Kufikira lero, anthu akamakamba za chitsime chimenecho amakamba za kulira kwa mwala. Amati unasweka mwadzidzidzi, tsiku limodzi, ngati mphezi. Za matuza, za lichero, za mwamuna wosenza ndowa akusekedwa, sakumbuka.

Ine ndinaphunzitsa Chingerezi mpaka choko chinandiyeretsa tsitsi. Azungu ali ndi kaliwu kawo kotanthauza chinthu chosweka mwadzidzidzi, kafupi, kotha pakamwa munthu asanaphethire. Koma ukakatsata m'mabuku umapeza kuti kanayenda zaka mazanamazana, kakusintha m'kamwa mwa anthu, kasanafike kwa ife. Ngati liwu lenilenilo lili ndi kumene linachokera, nanji kuswekako.

Tsono iwe amene wandimvera, uli ndi thanthwe lako, ndipo ukulidziwa. Mwina wamenya mpaka manja atupa ndipo ukuti palibe chachitika. Usaweruze mwala poona pamwamba. Nyundo ikakanika, mvera amene ali nawe pafupi, ngakhale nzeru yake ikhale ya kumbiya. Usathire madzi mwala usanapse. Koma ukapsa, usasunge chikho chapambali choti ukamwe zikakanika. Nangondo akanasiyako ndowa imodzi ya ulemu, malume akanamwa bwino tsiku limenelo, nkunyamuka naye.