Mpando wa Kumbuyo

Panali munthu wina kumapiri a ku Neno amene anali ndi galimoto yakale ya ku Amereka, yaitali mphuno, yomveka kulira ikadali kuseri kwa phiri. Anaigula ali mnyamata ndipo anakalamba nayo. Kiyi wake sankapatsa munthu. Anzake ankamuseka kuti ali pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi galimotoyo.

Mkazi wake weniweni, Nachisale, anadwala msana. Adokotala anati azibwera naye kuchipatala Lachiwiri lililonse, chifukwa akamadumphitsa, miyendo idzafa. Njira yake inali yafumbi ndi yokumbika mpaka pamlatho, kenako tala wokhotakhota.

Masipuling'i a galimotoyo anali atatopa. Pakona inkapendekeka, ndipo mwini wake ankayendetsa mtima uli m'mwamba, poopa kugubuduzika ndi wodwala. Choncho anapita kwa makaniko.

Makanikoyo anayala mitundu iwiri pansi. "Awa ndi olimba, bambo. Pakona galimoto imagwira msewu, koma dzenje lililonse limamveka. Awa ndi ofewerako. Amameza mabampu, koma pakona muziyenda mofatsa. Kodi mumanyamula ndani?"

"Ikani olimbawo," anatero munthuyo, maganizo ali pa makona.

Anaiyesa yekha patala. Galimoto inakhota ngati yatsopano, ndipo anafika kunyumba akuimba likhweru.

Sabata yoyamba Nachisale anagona pampando wa kumbuyo, osanena kanthu. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu anakana kukwera.

"Lero ndisapite, bambo a Tiyanjane. Ndikupezako bwino."

Sankapeza bwino ayi. Mwamunayo ankaona yekha momwe ankagwirira khoma podzuka. Sabata yachinayi anakananso, ndipo mantha anamugwira mwamunayo. Kodi adokotala amuuza zimene iye sanamve? Kodi wataya mtima, akungodikira tsiku? Chakudya chinaleka kumulowa. Akamufunsa, mkaziyo ankangoti, "Galimoto yanu mwaikonza bwino, musadandaule."

Tsiku lina anapita kwa makaniko uja kukamangitsa mabawuti, ndipo nkhawa inamutulutsa mawu. Makanikoyo anamvetsera akupukuta manja.

"Mayiwo amakhala pati?"

"Amagona kumbuyo."

"Nanga inu, kumbuyoko munakwerako?"

Munthuyo anasuzumira pampando wa kumbuyo. Zaka makumi atatu ali ndi galimotoyo, mpando umenewo ankaudziwa poupukuta basi. Anayang'ana kiyi m'dzanja lake nthawi yaitali. Kenako anamupereka kwa makanikoyo, natsegula chitseko cha kumbuyo, nagona monga ankagonera mkazi wake.

Patala zinali bwino. Atawoloka mlatho, dzenje loyamba linamunyamula ndi kumubwezera pansi ngati thumba la chimanga. Asanapume, lachiwiri. Woyendetsa amaona dzenje likubwera, amalimbitsa thupi, ndipo ali ndi chiwongolero choti agwire. Wogona kumbuyo amangoona denga. Asanafike ngakhale pachigayo choyamba, munthuyo anapempha makaniko kuti aime.

Anatsika nakhala m'mbali mwa msewu, manja ali kunkhongo. Iye msana wake unali wabwino, ndipo sanapirire mtunda umodzi. Nachisale anapirira njira yonse, kupita ndi kubwera, kawiri. Anakhala chete chifukwa anaona mwamuna wake akukondwa. Manyazi ndi chisoni zinamugwira mwamunayo pamodzi, ndipo analira pamaso pa makaniko.

Tsiku lomwelo anaikitsa masipuling'i ofewa. Lachiwiri lotsatira anayendetsa pang'onopang'ono moti a kabaza ankamupitirira akuseka, ndipo Nachisale anafika kuchipatala ali m'tulo. Koma adokotala atamupima anapukusa mutu. Mwendo wakumanzere unali utayamba kale kufooka, ndipo sunabwererenso. Kuyambira pamenepo Nachisale anayendera ndodo.

Tsono inu amene mwagwira chiwongolero, kaya m'banja, kaya mumpingo, kaya pantchito, mverani. Munthu uyu sanali wankhanza. Anasankha chifukwa cha mantha, ndipo anayesa chisankho chake atakhala pampando wake womwe. Inunso dzenje mumaliona lisanafike, ndipo muli ndi pogwira. Amene mwawanyamula alibe. Akakhala chete musati zili bwino, pakuti ena amakhala chete chifukwa chokukondani. Musanamange mfundo, perekani kiyi, mukagone kumbuyo.