Woluka Tsitsi ndi Mankhwala Ofiira

Panali mayi wina woluka tsitsi pamsika wa ku Ndirande, dzina lake Felesiya. Chikwangwani analibe. Anthu ankakopeka ndi mutu wake womwewo, pakuti tsitsi lake linali lakuda bii, lofika m'mapewa, ndipo iye mwini ankalinyadira kwambiri.

Tsiku lina anatuluka mwanabele m'khosi. Sanaphwe. Patatha mwezi wina anatuluka m'khwapa, thupi n'kuyamba kutha. Kuchipatala anamuuza kuti ndi khansa yotchedwa limfoma, ya mtundu wothamanga, yosadikira munthu. Dokotala anafotokoza kuti azilandira mankhwala a mitundu iwiri tsiku limodzi, maulendo asanu ndi limodzi, pakatha milungu itatu iliyonse. Oyamba ndi oyera ngati madzi. Amasakasaka maselo a khansa n'kuwamata chizindikiro kuti asilikali a m'thupi awadziwe. Achiwiri ndi kemo, momwe muli ena ofiira psuu, ndipo ntchito yawo ndi kupha maselowo. Awiriwa akayendera limodzi ambiri amachira, koma kusiya amodzi n'kuipatsa khansa mpata.

Felesiya anavomera. Ulendo wachiwiri usanakwane, tsitsi linayamba kutsalira pachipeso. Pofika wachitatu mutu unali mbee, ndipo anaumanga duku.

M'chipinda cholandirira diripi, pampando woyandikana ndi wake, pankakhala mayi wina wachikulire, a Nagama, wodwala matenda omwewo. Iwowa ankalandira oyera okha. Sankasanza. Tsitsi lawo laimvi linali lodzaza mutu, lofewa, ndipo maso a woluka sakhala kwina koma patsitsi. Nsanje inamulowa Felesiya mpaka m'mafupa. Ataona kuti a Nagama amabwera pagalimoto ndi mwana wawo wovala tayi, nkhani anaimaliza yekha mumtima: oyera ndi a mabwana, ofiira ndi a ife osauka. Akamupatsa moni ankayankhira kumbali. Akamugawira nthochi ankati wakhuta, m'mimba mukulira. Chomwe chinkamupweteka koposa n'chakuti nesi akamamulowetsa ofiira aja, a Nagama ankamuyang'anitsitsa osaphethira. Iye ankati akumuseka.

Ulendo wachinayi, oyera atatha, nesi anabwera ndi ofiira. Felesiya anapinda mkono.

"Ofiirawo ayi, asisita," anatero. "Muzindipatsa omwe mumawapatsa amayiwa basi. Kapena tsitsi ndi la olemera okha?"

Nesi anamunyengerera. Dokotala anabwera, namukumbutsa kuti zotupa zaphwa chifukwa cha mankhwala onse awiri, ndipo akasiyira panjira zibweranso mwaukali. Za wodwala mnzake dokotalayo sakanatha kumuuza, pakuti zinali zachinsinsi. Felesiya anaumirirabe, ndipo achipatala anamusiya kuti aganize bwino.

Pamenepo a Nagama anatulutsa chipeso m'chikwama.

"Mwana wanga, ndinamva kuti mumaluka. Tandilukaniko. Lero ndi lomaliza kuno, mawa ndikupita kwathu ku Thyolo."

Felesiya anaona ngati akumunyoza, komabe analandira chipeso. Anaima kumbuyo kwawo, singano ili pamkono, nayamba kuluka mokoka dala kuti amve kuwawa. Kenako anafunsa mwachipongwe ngati achira kale.

"Ayi," anayankha a Nagama. "Anandiyeza mtima, akuti ndi wofooka, ofiira aja angandiphe. Oyera okha ayesetsa, koma khansa yawaposa mphamvu. Ndikupita kukadikira kwathu. Ulendo uliwonse ndinkakuyang'anani mukulandira ofiira, nsanje ikundidya. Mulungu andikhululukire. Tsitsi lonseli ndikanalimeta ndekha akanati andipatse ngakhale kamodzi."

Zala za Felesiya zinaima. Manyazi anamugwira. Anamasula mizere yokoka ija n'kuyambiranso pang'onopang'ono, ndipo sanalukepo mutu wina bwino chotero chiyambire ntchito yake. Atamaliza anabwerera pampando wake, naitana nesi, natambasula mkono.

A Nagama anamwalira patatha milungu iwiri. Anawaika m'manda ndi tsitsi lija lisanamasulidwe.

Amayi anzanga, ndakuuzani fanizoli chifukwa ndimamva zimene timanong'onezana pamabenchi a kuchipatala. Timasuzumira m'buku la mnzathu, timawerenga mapiritsi ake, n'kumati adokotala akukondera. Ena afika potaya mankhwala awo chifukwa sakufanana ndi a mnzawo. Chimene anauzidwa mnzanuyo m'chipinda choyezera inu simunachimve. Ngati akupatsani oyera ndi ofiira, landirani onse mpaka ulendo womaliza. Mwina owawa amene mukuwakanawo, munthu amene wakhala pafupi nanu akuwapempherera ndipo sadzawalandira.