Wotsala Kumbuyo pa Ulendo wa Mchere

Kalekale, m'mudzi wa Mphako munalibe mchere. Chaka chilichonse akatha kukolola, anthu ankasenza mapira n'kupita kuseri kwa mapiri kukasinthitsa ndi mchere. Njira yake inali yaitali, youma, ya afisi.

Chaka china anasankha Chadzunda kuti atsogolere ulendowo. Anali munthu wa miyendo yaitali, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Sanali wankhanza ayi. Kungoti chibadwire anali asanatsalepo kumbuyo.

Kayendetsedwe kake kanali kotere. Ankathamangira kutsogolo, akapeza mthunzi n'kukhala pansi kudikira anzake. Wotsiriza akangotulukira, iye n'kudzambatuka: "Tonse takwana, tiyeni." Akutsogolo ankanyamuka atapuma, atamwa madzi, atawongola misana. Wakumbuyo ankafika n'kungopitirira, katundu ali pamutu.

Wakumbuyoyo anali Nanthambwe, mayi wamasiye wotsimphina. Pobwerera, mchere ukulemera, pa mtengo woyamba anapempha kuti nayenso atuleko dengu. Chadzunda anati gulu lonse lapuma kale. Pa mtengo wachiwiri anapemphanso, iye anati dzuwa silidikira munthu. Pa mtengo wachitatu mayiyo anachita kugwada.

"Bambo, inu mukuti tapuma. Ine ndikamafika, mpumulowo ndimaupeza ukunyamuka."

"Limbikirani, mayi. Mukapumira kumudzi."

Pa mtengo wachinayi Nanthambwe sanatulukire. Anthu anamudikira, anamuitana, anabwerera kukamufuna. Anangopeza dengu litagudubuzika, mchere uli mbwee, ndi mapazi a afisi mumchenga. Chadzunda anamva chisoni ndithu, koma mumtima anati tsopano ulendo uyenda msanga.

M'mawa mwake anaponda munga wa mthethe. Unathyokera m'kati, phazi n'kutupa. Anyamata anamupitirira, amayi anamupitirira, ndi nkhalamba zomwe zinamupitirira. Munthu uja anayamba kuona misana ya anthu, chinthu chimene anali asanachionepo. Patali anaona mthunzi, anzake atakhala pansi, akulandirana chipanda cha madzi, akuseka. Anadzikoka, kukhosi kuli gwa, akudziuza kuti akangofika pamenepo akhala pansi.

Atangotulukira, anthu onse anadzuka n'kusenza madengu awo. Sanachite mwachipongwe ayi, ndi mmene iye mwini anawazoloweretsera. Wina kutsogolo anafuula: "Tonse takwana, tiyeni."

Chadzunda anatsegula pakamwa kuti apemphe. Koma mawu amene ankafuna kunena anali a Nanthambwe, ndipo yankho lake ankalidziwa. Manyazi anamugwira, ndipo anangotsatira fumbi la anzake chotsimphina. Pa mtengo wotsatira anafika, iwo n'kudzuka. Pa winanso anafika, iwo n'kudzuka. Pa wachitatu anzakewo anamudikira mpaka mthunzi unasuntha.

Mchere unafika kumudzi. Mwini ulendo sanafike.

Kuyambira chaka chimenecho, anthu a ku Mphako akamapita kumchere amaika mtsogoleri kumapeto kwa mzere, ndipo palibe amene amanyamuka wotsirizayo asanatule katundu ndi kumwa madzi.

Mwamva inu nonse muli pano: wotsogolera anthu aziyeza ulendo ndi mwendo wa wofooka, osati ndi wake. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nthano yanga yatula katundu pomwepa.