Nsungwi za Nachisale

Kalekale, pamudzi wina... iwe Dziwenji, "tili tonse" wakoyo uziyankhira mumtima. Mng'ono wako wangogona kumene, thupi likadali lotentha. Senderani kuno, ndinene msanga.

Pamudzipo panali mayi wina, dzina lake Nachisale. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wodwaladwala. Mudziwo unali waphokoso. Mitondo, agalu, ng'oma za pamowa. Mwana ankangolira, ankangolira.

Koma kuseri, kudambo, kunali nsungwi. Akapita naye kumeneko, mphepo m'nsungwi waa, waa. Njiwa kukuu, kukuu. Mwana tulo. Akadzuka, kuyamwa, kuseka.

Tsiku lina kunabwera bambo woluka malichero.

"Mayi, nsungwi izi ndi zanu? Ndipatseni, ndikupatsani chitenje ichi."

Chitenje chake ee, chofiira psuu! Pomwe Nachisale anzake ankamuseka kuchitsime: "Nachisale, chimene mwavalacho ndi nsalu kapena ukonde wa usipa?"

Anayang'ana chitenje. Anayang'ana nsungwi.

"Dulani. Nsungwi zimaphukanso."

Kho! Kho! Kho! Zonse pansi. Njiwa zinathawa.

M'mawa anapita naye mwana kudambo. Dzuwa lokhalokha. Phokoso la kumudzi likufika mpaka komweko, palibenso chotchinga. Mwana kulira. Mawa lake kulira. Bere anakana. Anayamba kuwonda.

Anathamangira kwa sing'anga.

"Gogo, ndithandizeni, mwana sakugona!"

"Kale ankagona akumva chiyani?"

"Nsungwi."

"Ndiye mupite naye kunsungwiko."

"Ndinagulitsa."

"Mayo! Mwana wanga, mankhwala amenewo ine m'thumba mulibe."

Anathamangira kwa woluka uja.

"Bambo, tengani chitenje chanu, mundibwezere nsungwi zanga!"

"Nsungwi zanu ndi izi, mayi." Anamupatsa lichero.

Nachisale anagwedeza lichero pakhutu pa mwana. Lichero zii. Anayesa yekha ndi pakamwa: "Waa, waa. Kukuu, kukuu." Mwana anangomuyang'ana, misozi mbwee.

Basi anamubereka ndi chitenje chofiira chija, ulendo wofuna nsungwi zina. Anayenda, anayenda. Kuwoloka mtsinje. Anayenda, anayenda. Kuseri kwa phiri anazipeza. Mphepo waa, waa. Njiwa kukuu, kukuu.

Kumsana kunali chete.

"Wagona! Mwana wanga wagona!"

Anakhala pansi osagwedezeka, kuopa kumudzutsa. Dzuwa linapendeka. Anamasula chitenje.

"Dzuka tsopano, uyamwe."

Mwana sanadzuke.

Chaka chotsatira nsungwi za kudambo zinaphukadi, monga ananenera. Njiwa zinabwerera. Nachisale ankakhala pamenepo yekha, chitenje chili m'manja.

Taima kaye... Dziwenji, gwira pachifuwa pa mng'ono wako. Akupuma? Eya. Zikomo Ambuye. Mawa m'mamawa tipita naye kumtsinje, kumitengo kuja, akamve mbalame tisanapite kuchipatala.

Nthano yanga yathera pamenepa, kankhirani nkhuni pang'onopang'ono. Chimene chimagoneka mwana wako usamasinthanitse ndi nsalu.