Nguluwe ndi Maliro a Nyerere

Kalekale, ana inu musanabadwe, ngakhale akuluakulu aimvi mwakhala apanu musanaphunzire kumina, nyama za m'nkhalango ina kuseri kwa phiri zinali kale ndi lamya. Eya, lamya! Inu mumayesa mafoni anayambira m'sitolo? Ayi ndithu. Anayambitsa ndi Kangaude.

Kangaude ankaluka ulusi kuchokera pakhomo pa uyu kukafika pakhomo pa uje. Kunsonga kwa ulusi ankamangirira chigoba cha dzaye. Ukafuna mnzako, unkangogwedeza ulusiwo, ndiii! ndiii! Mnzako n'kuika khutu m'chigoba, basi nkhani zayamba. Malonje, miseche, zachikondi, za m'mimba mopota, zonse zinkayenda pa ulusi.

Amene ankaikonda lamya kuposa onse anali mayi Nkhono. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ndaziona, anatengedwa chitengwa kutsidya kwa dambo. Inuyo dambolo mungawoloke mbatata isanapse. Koma Nkhono akanyamuka ndi mvula yoyamba, amakafika anthu akukolola. Choncho ulusi ndiwo unali miyendo yawo. M'mawa ndiii! Masana ndiii! Mayi ndi mwana, kukamba, kuseka, kukangana, kugwirizananso.

Tsono chaka china kunabwera Nsato. Anameza mwana wa Mbawala. Anameza ana a Mbira. Chodabwitsa chinali chakuti nthawi zonse ankafika pamene make mwana wangochoka kumene.

Nyama zinasonkhana pabwalo, mitima ili phaphapha. Nguluwe anaimirira, chimimba patsogolo, mano ali ngwee.

"Abale anga, Nsato salosera ayi. Pali wina pakati pathu akumuuza pa lamya. Ulusi wonse uzidzera kaye m'dzenje langa, ine ndizimvera. Wosalakwa aopa chiyani?"

Kangaude anang'ung'udza. "Ine ndinalukira awiri. Wachitatuyo sindinamuwerengere."

Koma Mbawala anali poteropo, misozi chuchuchu. Ndani akanakana pamaso pa mfedwa? Onse anavomera. Mayi Nkhono nawonso anavomera.

Ndisamunamizire Nguluwe, poyamba ntchito anaigwira. Sabata isanathe anamva mawu a Khwangwala akunong'ona pa ulusi kuti, "A Nsato, Gwape wapita kumadzi, mwana wamusiya pachulu." Nguluwe liwiro, fumbi koboo! Anamupeza Nsato atayasamula kale, n'kumung'amba ndi mano, kwee! Khwangwala anathawira kwa anthu, kumene mumamuona mpaka lero akutola zotaya. Nthungululu zinamveka nkhalango yonse.

Nsato anafa. Koma ulusi sunachoke m'dzenje muja.

"Tsopano tibwezeretse monga kale?" anafunsa Kangaude.

"Iii, mwafulumira," anatero Nguluwe. "Nsato ali ndi amalume ake. Ali ndi alamu ake. Mukufuna tigone?"

Amalume a Nsato palibe anawaonapo. Koma ndani akanalumbira kuti kulibe?

Posakhalitsa zinthu zinayamba kusowa. Gologolo anauza mkazi wake pa lamya pamene anakwirira mtedza. Kutacha, dzenje lili pululu. Fuko anauza mlongo wake za mbatata. Kutacha, pululu. Ndipo Nguluwe akakhuta mowa ankafuula nyama zonse zikumva, "A Kamba! Bwanji chithupsa chija cha pansi pa mchira, chaphulika?" Kamba mutu m'chigoba, lowu.

Kuyambira pamenepo nkhani za pa ulusi zinauma. Ndiii! "Muli bwanji?" "Tili bwino, kaya inu?" "Tili bwino." Basi. Wodwala, tili bwino. Wanjala, tili bwino. Amene wamenyedwa ndi mwamuna, tili bwino. Nkhalango yonse inali bwino, bwino wake woopsa.

Tsiku lina mayi Nkhono anagwedeza ulusi wa kutsidya.

"Ndaziona, mwana wanga, wadzuka bwanji?"

"Tili bwino, amayi." Koma kuseri kwa mawuwo kunkamveka kamphepo, fyuu, fyuu.

"Nanga chikulira fyuu n'chiyani?"

"Ndi mphepo chabe, amayi. Tili bwino."

Mayi Nkhono anaika chigoba cha lamya pansi. Anabereka okha mwanayo, anamudziwa. Mphepo silira m'mawu a nkhono pokhapokha chigoba chitang'aluka. Ndipo nkhono yong'aluka chigoba, dzuwa la chilimwe likafika, imauma ngati chikopa. Chilimwecho chinali pakhomo. Mankhwala omatira chigoba mayi Nkhono ankawadziwa, koma ankayenera kumva kaye kuti mng'aluwo uli pati, ndi wotalika bwanji, mwanayo wabisala pansi pa chiyani. Tsono anene bwanji? Nguluwe amatafuna nkhono ngati chiponde, makamaka yosweka kale. Atume mbalame? Mbalame nayo ili ndi mlomo. Anyamuke okha? Akanakapeza chigoba chokha.

Anakhala, nyanga zawo ziwiri zija zikutuluka, zikubwerera, zikutuluka, zikubwerera. Kenaka anaseka pang'ono.

M'nkhalangomo munali mwambo, womwewu tili nawo ife kuno. Wamva maliro, waitanidwa. Sadikira kuti wina adzamugwire dzanja. Amasiya khasu, amasiya chilichonse, n'kupita kukakhuza. Womva maliro n'kukhala phee kwake, ameneyo ankatchedwa mfiti, ndipo mfiti ankaisamutsa.

Mayi Nkhono anayamba akwawira kwa mnansi wawo, mfumukazi ya Nyerere.

"Anzanga, kodi kwanu kuno maliro amagwa kangati?"

"Hii, mayi! Chiyambire kundipatsa moni, atatu atisiya. Wina wapondedwa, wina wamira m'mame, wina wagwetsedwa ndi katundu."

"Nanga bwanji simulengeza?"

"Tilengezere yani? Ndani anabwerapo pa maliro a nyerere?"

"Kuyambira mawa muzilengeza pa lamya. Aliyense. Ndi dzina lake lomwe."

Kenaka anakwawira pabwalo, pamene Nguluwe ankaothera dzuwa nyama zambiri zilipo.

"Bambo Nguluwe, ine ndine wokalamba, ndithandizeni. Akuti inu mumamva zonse za pa ulusi. Zoona? Kapena mumangotola zikuluzikulu?"

Nguluwe anatupa ngati finye. "Zonse, mayi! Ngakhale nsabwe itatsokomola kutsidya, ine ndamva."

"Ngakhale mutagona?"

"Khutu langa siligona."

"Mwamva nonse? Zikomo bambo. Ndiye kuti tapeza m'bale weniweni."

Kutacha, ndiii! "Kuno kuchulu watisiya Chimwaza, mwana wa Nyerere. Tiika masana."

Nguluwe anamva. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Dzulo lomweli anadzitama pagulu. Akanatani? Ananyamuka.

Atafika, Nyerere zinamulandira ndi ulemu. "Afika a chitetezo! Poti muli ndi mphuno yolimba, mukhale mdzukulu, mutikumbire manda."

Nguluwe anangoti mphuno pansi, fukuu! Dzenje loti mungalowemo mbuzi.

"Aaa, bambo! Mukufuna mukwirire mudzi wonse? Fotserani, muyambenso. Kakhale kofanana ndi malemu."

Anafotsera. Anakumba. Anafotsera. Anakumba. Dzuwa linapendeka. Chakudya cha adzukulu chitabwera, inali njere imodzi ya mawere, agawane anayi.

Asanafike n'kwake komwe, Kangaude anamukuwira ali m'mwamba. "Fulumirani bambo, chigoba chanu chikulira!" Ndiii! "Watisiya Mpondamwala." Ndiii! "Watisiya Nankhoma, pamodzi ndi apongozi ake."

Maliro m'mawa, maliro masana, maliro madzulo. Kumba, fotsera. Kumba, fotsera. Chiswe chitaona kuti kwa anzawo kukubwera mlendo wolemekezeka, nacho chinayamba kulengeza. Nsabwe za m'mapiko a Nkhanga nazonso. Nguluwe anaonda, nthiti zili mbee ngati phaso la nyumba yosafolera. Nthawi yofukula mtedza wa eni inasowa.

Mayi Nkhono anayesa kugwedeza ulusi wa kutsidya, poganiza kuti mwina m'dzenje mulibe munthu.

"Ndaziona, yankhula msanga."

"Tili bwino, amayi." Fyuu, fyuu. Mwanayo akanadziwa bwanji ngati khutu lilipo kapena palibe? Khutu losaoneka limaopsa ngakhale mwini wake ali kumanda. Ndipo kamphepo kaja kanali katakula.

Pamenepo mayi Nkhono anadziwa kuti kumutopetsa kokha sikukwanira. Anatuma mawu kwa Fuko ndi kwa mfumukazi, pakamwa ndi pakamwa. Kenaka anagwedeza ulusi wa kuchulu, n'kuyankhula mokweza.

"Pepani anzanga, ndamva kuti atisiya agogo anu a Gomani, muika mawa m'mawa. Ine miyendo ndi yomweyi mukuidziwa. Koma Fuko wandisungira chinangwa chonona patsinde pa mkuyu. Chimenecho chikhale chipepeso changa, adye olira."

M'dzenje muja, m'mimba mwa Nguluwe munalira, gurrr.

Kutacha, kumaliro a Gomani mdzukulu sanaoneke. Nguluwe anali patsinde pa mkuyu, mphuno pansi, fukuu! Chinangwa chinalipodi. Koma pachinangwapo panali patagona achibale a anamfedwa ochokera kutali, a Linthumbu, amene mfumukazi ija inawapempha kulondera chipepeso. Inu mukumudziwa linthumbu. Safunsa dzina.

M'mphuno, lowu! M'makutu, lowu! Pansi pa mchira pomwe, lowu!

"Mayo ine! Mayooo!" Nguluwe anathamanga, kugudubuzika, kudzigunditsa kumitengo, mpaka anakagwera pakati pa bwalo, chinangwa chikadali kukamwa. Nyama zonse zinathamangira komweko, poti wamva mfuu, waitanidwa.

Mayi Nkhono anali atafika kale. Ananyamuka dzulo lake.

"Pepani bambo. Koma kumaliro a Gomani akuti simunaoneke."

"Sindinamve!" anatero Nguluwe, akuyetsemula linthumbu.

"Simunamve? Nanga chili kukamwacho munachimva kuti? Maliro ndi chinangwa ndinazinena mpweya umodzi. Khutu lanu lili ndi sefa kodi, yogwira chinangwa n'kutaya maliro?"

"Ndiye kuti... ndinamva pang'ono."

"Ngati munamva, n'kusiya maliro, n'kukadya chipepeso cha olira, dzina lake tonse tikulidziwa. Ngati simunamve, ndiye ulusi wathu ukutani m'dzenje mwanu? Sankhani chimodzi, bambo, ife tidikira."

Gologolo anafuula ali mumtengo, "Afunseninso za mtedza wanga!" Kamba naye anatulutsa mutu. "Ndi za chithupsa changa!" Onse anamucheukira, iye n'kubwezanso mutu msanga.

"Asamuke! Mfiti! Dulani ulusi!" bwalo linasokosa.

Koma Mbawala anaimirira, ndipo phokoso linatha.

"Inu mukuseka," anatero motsitsa mawu. "Ine mwana wanga anathera m'mimba mwa Nsato. Wa Gwape ali moyo lero chifukwa cha khutu lomweli. Mukalichotsa, amalume a Nsato akadzabweradi, mudzanditonthoza ndi chiyani?"

Ngakhale Gologolo anatsitsa mchira.

Mayi Nkhono anakwawa pang'onopang'ono mpaka pa phazi la Mbawala.

"Mayi mnzanga, misozi yanu ndi yoona. Inenso ndinavomera tsiku lija, ndipo Nsato atabweranso ndikhoza kuvomeranso. Koma wanga mwana akufa kutsidyaku, Nsato kulibe. Akufa chifukwa sangandiuze pamene pakupweteka. Mlonda timamuika pakhomo kuti tigone. Akalowa n'kugona pakati pathu pamphasa, tigonanso bwanji?"

Mbawala anapukuta misozi. Kenaka anati, "Nanga tikadzafuna mlondayo?"

Apa Kangaude anatsika ndi ulusi wake, tsetsereee. "Ndilukira aliyense ulusi wachiwiri, wopita kwa mlonda. Waona zoopsa, agwedeze yekha. Tikadzakayikira wina ngati Khwangwala, tidzakambirane pano pabwalo, masana, tisanaike khutu pa ulusi wake. Ndiponso chigoba cha m'dzenje la mlonda ndichisiya chotsegula, kuti nafenso tizimva chimene akutafuna."

Nguluwe sanamusamutse, poti za Nsato sanaziiwale. Koma ntchito yaulonda womveka kutafuna anaikana yekha. Mpaka lero amayenda mphuno pansi, kufukula apa, kufukula apo. Ena amati akufuna chinangwa. Ine ndimati anazolowera kukumba manda a nyerere.

Kangaude asanamalize n'komwe kumasula ulusi m'dzenje muja, mayi Nkhono anali kale pachigoba chawo cha lamya. Ndiii! Ndiii!

"Ndaziona, tatsala awiri. Yankhula."

Kutsidya kunamveka kulira.

"Amayi, sitili bwino."

"Eya, mwana wanga. Mawu amenewo ndi amene ndimadikira."

Anakamba mpaka dzuwa kulowa. Chilimwe chinabwera, chinapita, ndipo mvula yoyamba itagwa Ndaziona anatuluka chigoba chili see, kachipsera kokha kakuoneka. Mukadzatola nkhono yokhala ndi mzere pamsana, muisiye, ndi mdzukulu wake.

Mukuti chiyani kumbuyoko? Mankhwala ake anali otani? Ha! Ine ndidziwa bwanji? Ankakamba mayi ndi mwana wake. Ine si Nguluwe.

Nthano yanga yafika pamene inkapita. Khutu lofuna kumva za m'nyumba zonse likonzekenso kulira maliro a m'nyumba zonse. Tsono phulani mbatata ija pamoto isanapserere, ndipo amene wamva kuti yapsa, waitanidwa.