Chala Choloza Pansi

Panali munthu wina mumzinda amene anadzipatsa ntchito yomwe palibe anamutuma. Ankakonzekera mpikisano wa masewera atatu otsatizana tsiku limodzi. Amayamba ndi kusambira, akavuuka amakwera njinga, akatsika panjinga amathamanga wapansi. Ine mpaka lero ndimadabwa nazo. Kusambira popanda ng'ona yokutsatira, kuthamanga popanda galu wokupirikitsa! Koma munthuyu ankazikonda, ndipo thupi lake linkamumvera.

Mpikisano umenewu uli ndi lamulo lake. Pa gawo la njinga salola kubisala kumbuyo kwa mnzako kuti akutchingire mphepo. Aliyense amalimbana ndi mphepo yekha. N'chifukwa chake munthuyu ankapalasa yekhayekha nthawi zonse, ndipo kumbuyo kwake kunali kusanakhalepo munthu.

Mpikisano utayandikira, anamva kuti kwakonzedwa ulendo wautali wa njinga umene anthu ambiri amapalasira limodzi. Amanyamuka mamawa mumzinda n'kukafika kuseri kwa mapiri dzuwa litapendeka. Iye anati mumtima mwake, apa ndiye poyesera miyendo. Analembetsa.

Pamalo onyamukira anaima pafupi ndi bambo ena achikulire, a imvi, ovala chisoti chowakulira pang'ono. Anali bambo ochezeka. Anamufotokozera kuti anadwala nthawi yaitali, ndipo atachira anayamba kupalasa njinga kuti thupi libwerere. Chaka chapitacho anauyesa ulendowu koma unawakanika. Anakafika atanyamulidwa ndi galimoto imene imabwera pambuyo pa onse kutola otsalira.

"Chaka chino ayi, achimwene," anatero bambowo. "Mwana wanga wamkazi watsogola kale kukandidikira kothera. Ndamuuza kuti andione ndikulowa ndi miyendo yangayi, osati pawindo la galimoto. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha."

Anauyamba ulendo. Atatuluka mumzinda, anthu anagawikana m'magulu, ndipo gulu lililonse linandanda mzere umodzi. Tayala la wina linkangotsala pang'ono kukhudza tayala la mnzake. Wakutsogolo ankang'amba mphepo, akatopa n'kupatuka, wina n'kulowapo. Munthu wathu uja anakhala kumapeto kwa gulu la bambo aja, koma mwachizolowezi chake anasiya mpata waukulu pakati pa iye ndi anzakewo. Msewu wonse ankauona ndi maso ake. Mvula ya chaka chimenecho inali itasiya maenje ambiri, ndipo iye ankangowazemba osaganizako n'komwe.

Ali kumbuyoko anaona chinthu chomudabwitsa. Wakutsogolo anachotsa dzanja limodzi pachiwongolero n'kuloza pansi. Wotsatira anachitanso chimodzimodzi, winanso chimodzimodzi, chala chija n'kuyenda mzere wonse mpaka kwa bambo a imvi aja. Palibe analankhula. Patapita kanthawi, chala chinatulukanso, ulendo uno chakumanzere.

Anayamba kulingalira. Poyamba anayesa kuti wina wagwetsa kanthu, koma palibe anaima kukatola. Kenako anati mwina ndi moni wawo wa anthu a njinga, koma ndani amapereka moni kwa msewu? Anaganizanso kuti mwina akuwerengana ngati onse alipo. Nkhaniyi inamusowetsa mtendere kuposa chitunda chomwe ankakwera. Mwina ena mwa inu mwadziwa kale tanthauzo lake. Iye sanadziwe, chifukwa maso ake anali pa chalacho, osati pomwe chinkaloza.

Anafika pamalo opumira, pamsika wina wa m'mbali mwa msewu, pomwe okonza ulendo anaika madzi ndi nthochi. Apa ndiye panali pofunsira. Funso linali litafika kale pakamwa. Koma asanalitulutse, anzake a m'gulu anamuzungulira n'kuyamba kuyamikira njinga yake yopepuka ndi akatumba a miyendo yake.

"Awa ndi akatswiri, awa," anatero mmodzi. "Tamva kuti amasambiranso. Ifetu tikungowachedwetsa."

Tsono katswiri angafunse bwanji za chala? Anaseka nawo, ndipo funso lija analimeza pamodzi ndi nthochi. Mumtima anadziyankha yekha kuti zala zawo zimachita dzanzi, ndiye amaziwongola. Yankholo linamukwanira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze kuti nthawi zina wodya phulalo amakhala mnzako.

Dzuwa litafika pamutu, mphepo inakula. Pa chitunda china chachitali bambo aja anayamba kutsalira. Gulu linapitirira, iwo akupalasa mozandima, pakamwa pali yasa. Munthu uja anawapeza ndipo anawamvera chisoni. Musamuyese woipa mtima, ayi. Anakumbukira mwana wamkazi wodikira kothera, ndipo anachepetsa liwiro.

"Bambo, khalani kumbuyo kwanga. Mphepoyi ndithana nayo ine."

"Ndiyandikire, achimwene?"

"Yandikirani ndithu. Tikafika limodzi."

Bambo aja anayandikira mpaka tayala lawo linatsala pang'ono kupsompsona lake. Mphepo inawaleka. Mpweya unabwerera, miyendo inapeza mphamvu, ndipo anayamba kuimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi. Anadutsa midzi, anadutsa minda ya chimanga chouma, anapitirira ena amene anawasiya poyamba. Munthu uja anasangalala kwambiri. Kwa nthawi yoyamba mphamvu zake zinali kuthandiza wina.

Atatsiriza mapiri, msewu unayamba kutsetsereka. Njinga zinathamanga zokha. Patsogolo, pakati penipeni pa njira yawo, panali dzenje lakuya, la m'mphepete mwakuthwa. Munthu uja analiona patali. Sanachite mantha, poti maenje otere anali atazemba ambirimbiri. Anadikira mpaka atafika pafupi, anapendeketsa njinga pang'ono, n'kulidutsa mwaluso monga ankachitira masiku onse.

Kumbuyo kwake kunamveka chiphokoso, ndipo nyimbo ija inaduka.

Atabwerera anapeza bambo aja ali gada m'mbali mwa msewu. Tayala lakutsogolo linali litapindika ngati lichero lakale. Anawadzutsa n'kuwakhazika pa udzu. Magazi sanali ambiri, koma dzanja lamanja linkangolendewera, ndipo phewa linali litatsika. Bambowo ankapuma movutika. Kenako anayang'ana dzenje lija, n'kuyang'ana munthu uja.

"Kodi dzenjeli munaliona?"

"Ndinaliona, bambo."

"Munaliona mochedwa?"

"Ayi. Ndinaliona patali."

Bambowo sanakalipe. Nkhope yawo inali ya munthu wodabwa, wofunadi kumvetsa.

"Nanga chala chanu chinali kuti?"

Pamenepo munthu uja anazindikira. Zala zonse za m'mawa uja zinamubwerera, chilichonse ndi dzenje lake pansi pake.

"Ine ndimayesa ndi dzanzi," anatero.

"Dzanzi!" Bambo aja anafuna kuseka, koma phewa linawaletsa. "Achimwene, wokhala kumbuyo alibe maso. Ine ndimaona msana wanu basi. Pomwe munati ndiyandikire, maso anga munali inu."

Anakhala nawo pamenepo mpaka galimoto yotola otsalira inafika. Anawakweza, njinga yawo n'kuimangirira pamwamba. Munthu uja anafuna kukwera nawo, koma iwo anakana.

"Pitirizani. Galimotoyi iyamba yandisiya kuchipatala. Inu mukafika msanga. Mukamuuze mwana wanga kuti asaimenso padzuwa."

Anapalasa gawo lotsalalo yekha, ndipo miyendo yake sinatope n'komwe. Kothera kunali anthu ambiri ndi nyimbo. Anamuombera m'manja, wina n'kumuveka mendulo m'khosi. Pafupi ndi chingwe chomalizira panaima mayi wina wobereka mwana, foni ili m'manja yokonzeka kujambula. Mayiyo ankafunsa aliyense wolowa funso limodzimodzi, ndipo anamufunsanso iye.

"Pepani, achimwene. Simunawaone bambo anga m'njiramo? A imvi, chisoti chachikulu. Ali patali?"

Munthu uja anatsika panjinga, anavula mendulo ija n'kuiika m'thumba. Kenako anamuuza zonse, kuyambira pa chala.

Tsono ndikutembenukira kwa inu makolo anzanga, ndi inu nonse amene muli ndi wina kumbuyo kwanu. Mphepo mumaitchinga, sindikukana. Ana anu akudya, akuvala, akupita kusukulu, ndipo mumawauza kuti yandikirani, tikafika limodzi. Iwo amayandikiradi, n'kumangoona msana wanu.

Koma pamsewu mwadutsamo pali maenje. Wina mowa unatsala pang'ono kumumeza. Wina banja lake linafika m'mphepete, n'kupulumuka mwamwayi. Wina m'mtundu mwawo muli matenda amene satchulidwa pakhomo. Munazemba mwaluso, n'kukhala chete, chifukwa kuloza dzenje ndi kuvomera kuti munadutsa pafupi nalo. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa amene amagweramo ndi amene anakukhulupirirani kwambiri.

Ndiye ndikufunseni, ndipo musandiyankhe ine, mukamuyankhe mwana wanu. Ndi dzenje liti limene inu munaliona patali, iye mpaka lero sanamvepo?