Ndodo ya Mabwalo Awiri

Kalekale, ana inu, kunali mudzi wina m'mbali mwa mtsinje. Nyumba zinali tsidya lino, minda ndi manda tsidya lija. Pakati panali ulalo wa mtengo umodzi. Sendezani chikunicho, utsi ukundilowa m'maso.

Mudziwu unali ndi mabwalo awiri. Loyamba linali la osankhidwa. Akakolola, ofuna udindo ankaima pamzere, anthu n'kumaima kumbuyo kwa amene amukonda. Lachiwiri linali la a mipando. Amenewa sankasankhidwa ayi. Munthu akafa, mpando ankatenga mwana wa mlongo wake, basi.

Ndiye panali ndodo. Osankhidwa akagwirizana chinthu, ankamanga luzi pandodoyo n'kuitumiza kwa a mipando. Iwo akavomera, ankamangapo luzi lawo. Akakana, ankamasula n'kuibweza. Koma mvetsani apa. Osankhidwa akamanga kachitatu, a mipando analibenso mawu. Chinthucho chinkachitika, ndipo zotsatira zake ankasenza osankhidwawo.

M'mudzimo munali mayi wina wamasiye, Nangondo, ndi mwana wake mmodzi yekha, Sigele. Mayiyu mwendo unkamuvuta, choncho wopita kumunda anali Sigele. M'mawa kuwoloka, madzulo kuwoloka, dengu pamutu. Koma ulalo uja unali utafumbwa. Ukaupondapo unkalira. Mtengo wautali wofika tsidya unatsala umodzi wokha, mbawa ya m'nkhalango yothirira nsembe, mmene munthu sankadula ngakhale kanthambi.

Nangondo anatsimphina mpaka kwa osankhidwa. Mkulu wawo anali a Mwandira, munthu wa pakamwa pokoma.

"Bambo, ulalo watha. Mwana wanga amapondapo tsiku ndi tsiku."

"Iii, mayi, mwanena zoona! Anzanga, timange luzi!"

Anamanga. Anthu anaomba m'manja. Ndodo inapita kwa a mipando. Mkulu wawo, a Dzoole, anaitembenuza uku ndi uku.

"Mbawa imeneyo makolo athu anaisiya dala. Ife sitikukana. Tikungoti akaganizenso."

Anamasula. Ndodo inabwerera.

Mwezi unatha. Mitambo inayamba kuda. Nangondo anatsimphinanso.

"Bambo, mvula ili pafupi."

"Mayi, ife tili nanu! Timange luzi!"

Anamanga. Ndodo inapita. A Dzoole anaitembenuza uku ndi uku.

"Ife sitikukana. Akaganizenso."

Anamasula. Ndodo inabwerera.

Tsono panatsala kachitatu. Nangondo anafika m'mamawa, anakhala pansi, mwendo wodwala uja atautambasula.

"Bambo, mangani. Mukamanga lero, zatha."

A Mwandira anakanda m'mutu. Anzawo anayang'ana pansi, wina n'kumatokosa m'mano. Aliyense ankaganiza chimodzi. Mbawa ikadulidwa, mvula n'kudzavuta, anthu adzati wolakwa ndani? Pokolola adzaima kumbuyo kwa yani?

"Mayi," anatero a Mwandira, "sibwino kuwanyoza akuluakulu. Ife mbali yathu tinachita. Tinamanga kawiri konse, mudzi wonse unaona. Otsekereza ndi a mipando."

Nangondo anapita kwa a Dzoole.

"Agogo, akuti otsekereza ndinu."

"Ife? Mphamvu tilibe ife, mwanawe. Iwo akamanga kachitatu, titani? Pita ukawauze amange."

Anabwerera kwa a Mwandira.

"Pitani kwa a mipando, mayi."

Anapita kwa a mipando.

"Pita kwa osankhidwa."

Ndodo ija anaitsamiritsa pakhoma la nkhokwe. Nkhuku zinkaima pamwamba pake. Ine zimenezi sizindikwiyitsanso, ana inu. Zimangonditopetsa.

Mvula inagwa. Mtsinje unadzaza, madzi ofiira. Udzu kumunda sunadikire ndodo.

"Usapite lero," anatero Nangondo.

"Amayi, tikapanda kupalira tidzadya chiyani?"

Sigele anatenga khasu. Anawoloka bwinobwino. Madzulo pobwera, ali pakati penipeni, ulalo unati phwa!

Anakamupeza mawa lake kumunsi, m'mabango. Nangondo sanalire. Amayi anzake ankalira, iye anangokhala, manja pamiyendo. Anamupatsa madzi, anamwa. Anamufunditsa nsalu, anafunda. Mumtima munalibe kanthu, ngati mtsuko wobooka.

Tsono paja ndati manda anali tsidya lija. Ndipo mwambo unkati pamaliro mabwalo onse awiri aziperekeza mpaka kumanda. A Mwandira anayang'ana mtsinje. A Dzoole anayang'ananso mtsinje womwewo.

"Ndodo ija ili kuti?" anafunsa a Mwandira.

Anaitenga pankhokwe paja, anapukuta zitosi. A Mwandira anamanga luzi. A Dzoole sanaitembenuze n'komwe. Anamanga lawo pompo, ngakhale silinkafunikanso.

"Makolo amvetsa," anatero. "Maliro sadikira."

Nkhwangwa zinalira m'nkhalango. Dzuwa lisanafike paliwombo, mbawa inali itagona pamtsinje. Anaisema pamwamba kuti pakhale posalala, anamanganso chogwirira, poti a Dzoole anali okalamba.

Anawoloka a mipando. Anawoloka osankhidwa. Anawoloka onyamula maliro. Pambuyo pa onse ankabwera Nangondo ndi mwendo wake uja.

Atafika pakati anaima. Anaponda mwamphamvu. Ulalo sunalire. Anapondanso. Sunagwedezeke ngakhale pang'ono.

A Mwandira anacheuka.

"Mwaona, mayi? Tagwirizana tsopano. Ulalo wolimba, eti?"

Nangondo anayang'ana madzi, kenako anayang'ana iwo.

"Wolimba, bambo," anatero. "Zatenga m'mawa umodzi wokha."

Ndipo anawoloka kukaika mwana wake.

Nthano yanga yathera pamenepo, moto nawo watha. Amene mwamupatsa mphamvu n'kumaopa kuigwiritsa ntchito, musamumvere akamaloza mnzake chala.